Kusefa ndi Kusamala Madzi a Nsomba Pakhomo: Kabuku ka Mabanja a Kumadzulo kwa Nyanja ya Chilwa

Nyanja yopanda potulukira

Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe imathira madzi ake m'nyanja ya Chilwa, koma palibe ngakhale kamtsinje kamodzi kotulutsa madziwo. Amene amawachotsa ndi dzuwa ndi mphepo, ndipo iwo amangonyamula madzi okha. Matope, mchere ndi zonse zimene mitsinje yakokolola kumtunda zimatsala momwemo chaka ndi chaka. N'chifukwa chake madzi a Chilwa ndi amatope ndiponso akamchere, moti ngakhale David Livingstone atafika pa nyanjayi mu Epulo 1859 analemba za kuwawira kwa madzi ake.

Akuluakulu a kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji amadziwa zimene zimachitika mvula ikavuta zaka zotsatizana. Nyanjayi inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka dothi long'aluka, mabwato ali gonegone pa doko la Kachulu. Nsomba sizidikira kuti madzi atheretu kuti ziyambe kufa. Madzi akamachepa, mchere umakula mphamvu, kutentha kumakwera, mpweya umathawa. Makumba ndiwo amayamba kugonja, matemba amathawira m'mitsinje, mlamba n'kupirira mpaka kumapeto m'maiwe ndi m'zithaphwi.

Damu la nsomba la kuseri kwa nyumba ndi thanki yasimenti yosungiramo mbewu ya nsomba zili m'gulu lomwelo la madzi otsekeka. Kusiyana kwake n'kwakuti zimene nyanja imachita pa zaka zitatu, damu laling'ono limachita pa miyezi iwiri, ndipo thanki imachita pa masiku anayi. Chilichonse cholowamo chimakhala momwemo kufikira mwini wake atachichotsa.

Kumaiko ena, monga ku Germany, ku Japan ngakhalenso m'nyumba zina za ku Johannesburg, kuli anthu oweta nsomba za m'nyanja yamchere m'timathanki tagalasi ta malita 50 kapena 100. Madzi awo amakhala ndi mchere wokwana magalamu 35 pa lita imodzi, ndipo zamoyo zimene amasunga sizichedwa kufa madzi akangosintha pang'ono. Ena a iwo amawetanso mbuna za m'nyanja ya Malawi zimene zimatumizidwa kunja kuchokera ku Salima. Anthu amenewa anaphunzira kalekale malamulo anayi: kusefa madzi mosalekeza, kudyetsa pang'ono, kusintha gawo lochepa la madzi pafupipafupi, ndi kubwezera madzi opanda mchere m'malo mwa amene auluka ndi dzuwa. Malamulo omwewa amagwira ntchito pa damu la ku Jali kapena thanki ya ku Kachulu, ndipo sasowa zipangizo za mtengo wapatali.

Zimene zimaononga madzi

Choyamba ndi matope. Madzi ofiira ochokera m'minda yokokoloka ya m'munsi mwa phiri la Zomba amatseka kuwala kwa dzuwa, choncho ndere zing'onozing'ono zimene makumba amadya sizimera. Matopewo amamatanso m'makha a nsomba n'kumazivutitsa kupuma, ndipo pang'onopang'ono amakwirira damu.

Chachiwiri sichioneka ndi maso. Nsomba ikadya, imatulutsa poizoni wotchedwa amoniya kudzera m'makha ndi m'ndowe zake. Madeya otsala akamaolera pansi amatulutsanso amoniya yemweyo. M'madzi athanzi muli tizilombo tothandiza timene timasandutsa amoniya kukhala naitiraiti, amenenso ndi poizoni, kenako tina n'kusandutsa naitiraitiyo kukhala naitireti, amene savuta kwenikweni ndipo ndi chakudya cha zomera. Tizilomboti timakhala pa miyala, pa makoma ndi pa dothi lapansi. Amoniya amaluma kwambiri m'madzi otentha ndi m'madzi okhala ndi soda, ndipo madzi ambiri a m'chigwa cha Chilwa ndi otero. Choncho mlimi wa m'mphepete mwa nyanjayi ayenera kusamala kuposa mnzake wa m'mapiri a Chingale.

Chachitatu ndi kuchepa kwa mpweya wa okosijeni. Masana ndere zimatulutsa mpweyawu, koma usiku zimaumwa limodzi ndi nsomba ndi zinthu zoola. Mpweya umatsikitsitsa mbandakucha, ndipo nsomba zambiri zofa m'madamu zimafa nthawi imeneyo, eni ake akadali m'tulo.

Chachinayi ndi mchere, ndipo chachisanu ndi mankhwala: opopera mpunga ndi tomato, sopo wochapira, mafuta a injini, ndi klorini wa m'madzi akumwa.

Kusankha madzi oyambira

Sefa yabwino siichotsa mchere kapena mankhwala a m'munda, choncho ntchito imayambira pa kusankha komwe madzi azichokera. Madzi a mtsinje kapena a ngalande ndi abwino ngati kumtunda kwake sakuchapirako kapena kutsukirako mapampu opopera mbewu. Banja loyandikana ndi sikimu ya mpunga ya Likangala kapena ya Domasi liyenera kukambirana ndi komiti yoyang'anira madzi lisanapatutse ngalande, komanso kudziwa masiku amene alimi akupopera mankhwala kuti litseke polowera madzi masiku amenewo.

Zitsime ndi mijigo ina yapafupi ndi nyanja imatulutsa madzi amchere. Lilime limauza munthu zambiri, koma pali njira ina yosavuta: kuwiritsa kapu imodzi ya madziwo mumpoto woyera mpaka aphwe. Pansi pakatsala zoyerayera zambiri, madziwo ali ndi mchere wochuluka. Dothi loyera mbuu ngati lawazidwa ufa m'mbali mwa chitsime m'chilimwe limanena zomwezo. Makumba a ku Chilwa amapirira kamchere kuposa nsomba zambiri za m'madzi ozizira, koma kupirira sikukula. M'madzi a mchere wochuluka amadya koma osanenepa, ndipo amaswana movutikira.

Madzi a pampopi kapena othiridwa klorini ayenera kukhala m'ndowa yosavundikira masiku awiri asanathiridwe mwa nsomba. Madzi amvula ochokera padenga lamalata ndi abwino kwambiri pa thanki chifukwa alibe mchere, bola a mvula yoyamba, otsuka fumbi ndi zitosi, atayidwe.

Madzi atsopano aliwonse okayikitsa amayesedwa ndi nsomba zitatu kapena zinayi m'beseni la pamthunzi. Zikatha masiku awiri zikusambira bwino, madziwo angalowe m'damu.

Sefa ya polowera madzi m'damu

Damu lodziwika m'midzi yambiri ndi la mamita 10 m'lifupi ndi 20 m'litali, lakuya pafupifupi masentimita 80 kumtunda ndi mita imodzi ndi theka kumunsi. Madzi asalowe m'damu lotere molunjika kuchokera m'ngalande. Adutse kaye pa zotchinga zitatu.

Chotchinga choyamba ndi dzenje lokhazikitsa matope. Limakumbidwa m'njira ya madzi, mamita awiri kapena atatu kuchokera pa damu, lotalika ndi kutambalala mita imodzi, lakuya kufika m'maondo. Madzi akafika m'dzenjemo amachepa liwiro, mchenga ndi matope olemera n'kukhala pansi. Dzenjeli limadzaza msanga m'dzinja, ndipo likadzaza silithandizanso. Limafuna fosholo sabata iliyonse. Matope ofukulidwawo ndi achonde, oyenera kupita kudimba.

Chachiwiri ndi mpanda wa miyala. Pakati pa dzenje ndi damu amaikapo timipanda tiwiri tansungwi, motalikirana ngati theka la mita, pakati pake n'kudzazapo miyala ing'onoing'ono ya kwale kapena ya kumtsinje. Madzi amapyola, masamba ndi zinyalala zimatsala.

Chachitatu ndi kansalu ka maso ang'onoang'ono komangidwa kukamwa kwa paipi. Ntchito yake ndi kuletsa alendo osaitanidwa: tiana ta mlamba, mazira a nsomba zakutchire ndi a achule. Mlamba mmodzi wolowa mobisa akhoza kumaliza mbewu ya makumba mazanamazana mwini wake asanazindikire. Waya wa sefa yaufa kapena thumba loluka lochapidwa bwino zimakwanira. Neti yoteteza ku udzudzu isagwiritsidwe ntchito pano. Maneti amene amagawidwa m'zipatala ali ndi mankhwala opha tizilombo, ndipo mankhwala amenewo ndi poizoni woopsa kwa nsomba. Malo a netiyo ndi pa bedi la ana.

Paipi yolowetsa madzi ikhale pamwamba pa madzi a m'damu ndi masentimita 20 kapena 30 kuti madzi azigwa ndi phokoso, chifukwa pogwapo amatenga mpweya. Potulukira pakonzedwe mwakuti madzi otuluka azikhala apansi, amene ndi oipitsitsa. Paipi yopindika ngati chigongono, yoyambira pansi kumbali yakuya, imachita zimenezi: ikapendeketsedwa kunja kwa khoma, madzi apansi amatuluka, ikaimikidwa, amasiya.

Sefa ya mgolo pa thanki

Mabanja ena ndi magulu a alimi amasunga mbewu ya nsomba m'thanki yasimenti kapena yapulasitiki podikira ogula, ndipo ena amawetamo mlamba. Thanki ya mamita awiri m'litali, mita imodzi m'lifupi ndi madzi akuya theka la mita imatenga malita 1,000 okha. Mulibe dothi lapansi lothandiza kuyeretsa madzi, choncho sefa ndiyo imagwira ntchito yonse.

Thanki yasimenti yatsopano siilandira nsomba msanga. Simenti yaiwisi imatulutsa laimu wowotcha makha, choncho thankiyo imadzazidwa madzi, kusiyidwa masiku angapo, kukhuthulidwa, n'kubwereza mpaka patatha masabata awiri kapena atatu.

Sefa imapangidwa ndi mgolo wapulasitiki wa malita 200, kapena ndowa yaikulu ngati thanki ndi yaing'ono. Mgolowo ukhale umene sunasungepo mafuta kapena mankhwala. Umaikidwa pamalo okwera kuposa thanki, n'kubooledwa pafupi ndi pansi poika paipi yobwezera madzi. Pansi penipeni pamayalidwa miyala yaikulu ngati mazira ankhuku. Pamwamba pake pamabwera miyala ing'onoing'ono ngati nzama, ndipo imeneyi ndiyo ikhale yochuluka kuposa zonse, kufika theka la mgolo. Kenako makala oswedwa ndi kutsukidwa, omangidwa m'kathumba kuti asabalalike, kenako mchenga wokhakhala wa kumtsinje, ndipo pamwamba pa zonse chidutswa cha siponji ya matiresi kapena thumba lopindidwa kangapo. Madzi amalowera pamwamba n'kutsika pang'onopang'ono, monga amachitira madzi aphulusa mayi akamacheza chidulo.

Gawo lililonse lili ndi ntchito yake. Siponji ndi mchenga zimagwira ndowe ndi nyenyeswa za chakudya. Makala amamwa fungo ndi mtundu wachikasu, koma amatopa pakatha mwezi umodzi ndipo amafuna ena atsopano. Miyala ing'onoing'ono ija ndiyo mtima wa sefa, chifukwa pamenepo m'pamene pamamera tizilombo todya amoniya. Timatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti tichuluke mokwanira, choncho thanki yatsopano imayamba ndi nsomba zochepa, zina n'kumawonjezedwa pang'onopang'ono. Miyala yochepa yotengedwa m'sefa yakale ya thanki imene nsomba zake zili zathanzi imafulumizitsa ntchitoyi.

Oweta ambiri amalakwitsa potsuka. Akaona miyala yachita utereretere wofiirira amaganiza kuti yada, n'kuikwecha ndi sopo kapena kuiyanika padzuwa. Utereretere umenewo ndiwo tizilombo tothandiza tija. Miyala imangotsukuluzidwa pang'ono m'ndowa ya madzi otungidwa m'thanki momwemo, theka lokha pa nthawi imodzi, ndipo isaume. Siponji yapamwamba yokha ndiyo ichapidwe kawirikawiri, masiku awiri kapena atatu aliwonse, ndi madzi opanda sopo.

Kukweza madzi kupita mumgolo kumafuna kapampu kakang'ono, ndipo masiku ano timapampu toyendera sola timapezeka m'masitolo a m'tauni. Kapampu koyenera ndi kamene kangazungulitse madzi onse a m'thanki pafupifupi kamodzi pa ola. Vuto la sola yopanda batire n'lakuti imagona dzuwa likalowa, pamene usiku m'pamene nsomba zimasowa mpweya kwambiri. Pampu ikaima usiku wonse, madzi otsalira mumgolo amavunda, choncho ndowa yoyamba yotuluka m'mawa itayidwe kunja. Banja lopanda pampu likhoza kusungabe nsomba m'thanki, bola zikhale zochepa, kwa masiku ochepa, ndipo gawo limodzi mwa magawo asanu a madzi lizisinthidwa tsiku lililonse. Mlamba umapirira m'thanki yotere chifukwa uli ndi chiwalo chopumira mpweya wapamwamba. Makumba ndi chilunguni alibe mwayi umenewo.

Mtundu woyenera wa madzi

Thanki imafuna madzi oyera, koma damu ladothi silitero. Damu looneka mpaka pansi ndi damu lanjala. Madzi abwino a makumba ndi obiriwira pang'ono, chifukwa kubiriwirako ndi ndere zosaoneka ndi maso zimene nsomba zimadya tsiku lonse.

Muyeso wake uli pa mkono wa mlimi. Amapisa dzanja m'madzi, chikhatho chitatambasuka moyang'ana kumwamba. Chikhatho chikasowa madzi atafika m'chigongono, ndiye kuti kubiriwira kuli bwino. Chikaonekabe mkono wonse utalowa, damu likufuna manyowa. Chikasowa madzi asanapitirire pamfundo ya dzanja, ndere zachuluka ndipo usiku zidzalanda nsomba mpweya. Manyowa aimitsidwe, chakudya chichepetsedwe, madzi ena atsopano alowe.

Manyowa a nkhuku, mbuzi kapena ng'ombe asamwazidwe damu lonse. Aikidwe m'kakhola kansungwi pakona yapafupi ndi polowera madzi, kapena m'thumba lomangidwa pamtengo, kuti mphamvu yake izisungunuka pang'onopang'ono ndipo azitha kuchotsedwa pakafunika. Damu lothiridwa manyowa lisamayenderere madzi usana ndi usiku, chifukwa chonde chonse chimathawira kumunsi. Madzi alowe pofuna kubwezera otsika kapena pothana ndi vuto.

Madzi ofiira ngati dothi amasonyeza matope: makoma akugumuka, ziweto zikulowamo, kapena dzenje lokhazikitsa ladzaza. Kapinga wodzalidwa pamakoma ndi mzere wa vetiva kumtunda kwa damu zimathetsa vutoli pang'onopang'ono. Madzi akuda, onunkha ngati dzira loola, amasonyeza kuti pansi paunjikana zoola.

Kudyetsa mosaononga madzi

Zonyansa zambiri za m'damu zimalowa kudzera m'dzanja la mwini wake. Madeya amene nsomba sizinadye samasowa. Amamira n'kuyamba kuola.

Damu la mamita 10 kwa 20, litaikidwa nsomba zitatu pa sikweya mita iliyonse, limakhala ndi nsomba 600. Iliyonse ikafika magalamu 50, zonse pamodzi zimalemera makilogalamu 30. Nsomba za msinkhu umenewu zimafuna chakudya cholemera pafupifupi magawo atatu mwa magawo 100 a kulemera kwawo patsiku, kutanthauza magalamu 900, osakwana n'komwe kilogalamu imodzi. Chakudyachi chigawidwe pawiri, china cha m'ma 9 koloko m'mawa dzuwa litafunditsa madzi, china cha m'ma 3 koloko masana, ndipo chiziikidwa pamalo amodzimodzi. Chikatsala patatha mphindi 20, mawa lake chichepetsedwe.

M'miyezi ya Juni ndi Julayi madzi amazizira, ndipo akatsika pansi pa madigiri 20 makumba sadya kwenikweni. Kupitiriza muyeso wa m'chilimwe nthawi imeneyi n'kudyetsa matope. Tsiku la mitambo kapena la mvula yamvumbi chakudya chichepenso, chifukwa ndere sizitulutsa mpweya wokwanira popanda dzuwa. Masamba a chinangwa, a mbatata kapena a bonongwe operekedwa kwa chilunguni amangidwe m'mitolo kuti mapesi otsala azitha kuvuulidwa.

Chilimwe ndi mchere

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, dzuwa ndi mphepo za m'chigwa zimamwa madzi mosaleka. Damu la mamita 10 kwa 20 likatsika ndi mamilimita 5 okha patsiku, lataya malita 1,000, omwe ndi zigubu 50 za malita 20. Mchere umene unali m'malita amenewo sunapite kulikonse.

Pali kusiyana pakati pa kubwezera madzi ndi kusintha madzi. Kubwezera ndi kuthira madzi m'malo mwa ouluka. Kumasunga kuya kwa damu koma sikuchotsa kalikonse. Ngati madzi obwezerawo ali ndi kamchere, mchere wa m'damu umangokwera sabata ndi sabata. Kusintha ndi kutulutsa ena mwa madzi akale, makamaka apansi, n'kulowetsa atsopano. Kumeneku ndiye kumatsitsa mchere, amoniya ndi zoola. Banja limene limadalira chitsime cha kamchere liyenera kumasintha gawo limodzi mwa magawo khumi a madzi sabata iliyonse m'chilimwe, osangobwezera.

Madzi onse asasinthidwe nthawi imodzi. Nsomba zimazolowera madzi amene zilimo, ndipo kusintha kwadzidzidzi kwa kutentha kapena mchere kumazifooketsa ngakhale madzi atsopanowo atakhala abwino. Ndodo yokhomedwa m'damu, yolembedwa mizere motalikirana masentimita 10, imathandiza kuona kutsika kwa madzi. Akatsika pansi pa theka la mita amatentha msanga masana, ndipo akakowa amayamba kuyenda m'damu ngati m'munda mwawo. Ngati madzi obwezera palibe, n'kwanzeru kukolola nsomba zikuluzikulu mu Seputembala kapena Okutobala kuti zotsalazo zipume. Thanki ikhale pamthunzi kapena ifoleredwe ndi udzu mbali imodzi.

Ntchito za tsiku, sabata ndi mwezi

Tsiku lililonse, wina m'banjamo afike pa damu dzuwa lisanatuluke. Imeneyo ndiyo nthawi yoona ngati nsomba zikuvutika ndi mpweya. Ayang'ane ndodo yoyezera, achotse zinyalala pa kansalu ka polowera, avuule nsomba yakufa ngati ilipo n'kuikwirira kutali, ndiponso aone ngati pali mapazi a ng'azi kapena katumbu pamakoma. Pa thanki, aone ngati pampu ikuyenda ndipo atulutse ndowe zapansi ndi kapaipi kopopera.

Sabata iliyonse ndi ya kuyeza kubiriwira ndi mkono, kufukula dzenje la matope, kutakasa manyowa m'kakhola ndi kusintha gawo la madzi kumene kukufunika. Pa thanki yokhala ndi sefa, kusintha gawo limodzi kapena awiri mwa magawo khumi kumakwanira.

Mwezi uliwonse udzu wa pamakoma umetedwe, zomera za m'madzi zizulidwe, maenje a nkhanu ndi mbewa atsekedwe ndi dothi lamakande. Nsomba 20 kapena 30 zigwidwe n'kuyezedwa pasikelo kuti muyeso wa chakudya ukonzedwe. Pa thanki, makala asinthidwe ndipo theka la miyala litsukuluzidwe.

Pambuyo pa kukolola, damu likhuthulidwe n'kuyanikidwa pafupifupi masabata awiri mpaka pansi pang'aluke. Matope akuda achotsedwe n'kupita kumunda. Alimi ambiri anamva kuti damu limafuna laimu, ndipo n'zoona pa dothi lowawasa la m'madambo ena akumtunda. Koma dothi ndi madzi a pafupi ndi Chilwa ali kale ndi soda, ndipo laimu wowonjezera akhoza kukulitsa ululu wa amoniya. Mlangizi wa za nsomba ayeze kaye madziwo laimu asanathiridwe.

Kope lakale la mwana wasukulu limakwanira kulembamo tsiku, kuya kwa madzi, chakudya choperekedwa ndi nsomba zakufa. Zolembazi zimathandiza mlangizi kupeza gwero la vuto mwachangu.

Nsomba zikayamba kuyasama pamwamba

Nsomba zikaunjikana pamwamba kukamwa kuli yasa, kapena zikadzazana polowera madzi, mpweya watha ndipo nthawi ndi yochepa. Chakudya ndi manyowa ziimitsidwe pomwepo. Madzi atsopano atsegulidwe, apansi atulutsidwe pang'ono. Ngati madzi atsopano palibe, anthu atunge madzi a m'damu momwemo ndi ndowa n'kumawakhuthula kuchokera m'mwamba, kapena amenye pamwamba pa madzi ndi nsungwi, koma osalowamo n'kuvundula matope apansi. Ntchitoyi ipitirire mpaka dzuwa litakwera ndipo nsomba zitabwerera pansi. Zikachitika m'mawa masiku awiri otsatizana, nsomba zachuluka kuposa mphamvu ya damu ndipo zina zikololedwe.

Nsomba zikafa zambiri nthawi imodzi masana, makamaka madzi atangolowa kumene, choyamba kukayikira ndi mankhwala. Polowera patsekedwe, ndipo nsomba zoterozo zisadyedwe kapena kugulitsidwa.

Dzinja, matenda ndi thanzi la banja

Namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa zimene madzi osefukira amachita m'chigawo chakummwera. Damu la m'chigwa limafuna makoma otalika theka la mita pamwamba pa madzi, ngalande yopatutsa madzi amvula kumtunda kwake, ndi potayira madzi osefukira potchingidwa ndi kansalu kuti nsomba zisathawe. Zonsezi zikonzedwe mu Novembala, mitambo isanayambe kuda.

Madzi osefukira amanyamulanso matenda. Mu 2020 ku Mchinji kunabuka matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS, amene amafala kudzera m'madzi, m'nsomba zosamutsidwa ndi m'maukonde onyowa. Ukonde umene wagwira ntchito kunyanja kapena m'damu la mnansi uyanikidwe padzuwa mpaka uumiretu usanalowe m'damu la pakhomo. Nsomba yooneka ndi zilonda zofiira ichotsedwe, ndipo ofesi ya za nsomba idziwitsidwe msanga.

Likodzo ndi matenda odziwika m'midzi ya m'mbali mwa Chilwa, ndipo nkhono zofalitsa matendawa zimakonda madzi odikha okhala ndi udzu. Kuzula zomera za m'mbali mwa damu, kuliyanika pambuyo pokolola, kuletsa ana kusambiramo ndi kumanga chimbudzi kutali ndi damu kumateteza banja lonse. Damu lizingidwenso ndi mpanda chifukwa cha ana aang'ono.

Mbewu yatsopano ndi kokapeza uphungu

Anthu a kumadzulo kwa Chilwa ali pafupi ndi likulu la dziko lonse loona za ulimi wa nsomba, National Aquaculture Centre, limene lili ku Domasi. Kumeneko, komanso ku ofesi ya za nsomba ya boma la Zomba, mlimi angafunse za mbewu yabwino ya makumba, chilunguni ndi mlamba, za kuyeza madzi, ndi za alimi ovomerezeka oswetsa mbewu. Mbewu yotoledwa m'nyanja kapena m'ngalande imabwera yosakanikirana ndipo ikhoza kulowetsa matenda.

Mbewu inyamulidwe m'mawa kukadali kozizira, itamanidwa chakudya tsiku limodzi kuti isaipitse madzi a paulendo. Ikafika, thumba kapena ndowa yake iyandamitsidwe m'damu mphindi 15 mpaka 20 kuti kutentha kufanane. Kenako madzi a m'damu athiridwemo pang'onopang'ono, kapu ndi kapu, kuti tiana tizolowere mchere ndi soda wa malo atsopano, ndowa n'kupendeketsedwa kuti tituluke tokha. Kudyetsa kuyambe tsiku lotsatira, ndipo sabata yoyamba mlimi azifika pa damu m'mawa ndi madzulo kuwerenga tiana takufa ndi kulemba m'kope.